Pita ku Chilumbako, Tiyamike

Kamwendo, Mchinji

Tiyamike mwana wanga,

Ndakutuma kuchigayo dala kuti ndipeze mpata wolemba kalatayi. Ukakhala pafupi timangokhalira kukangana za nsapato zoti utenge ndi zoti usiye, ndipo mawu enieni amene ndikufuna kukuuza amandithawa. Ndiyiika m'thumba la m'mbali mwa chikwama chako. Uyiwerenge basi ikapitirira Kasungu, misozi itauma.

Mawu oyamba ndi awa: pita. Wamva wekha zimene zayankhulidwa sabata ino. Amalume ako a Lameki anena pamaso pa abale kuti mtsikana wokagwira ntchito ku Zanzibar, pa loji ya azungu oyenda ndi zikwama kumsana, ndi mtsikana wotayika, ndipo alumbira kuti ukakwera basiyo iwo sadzakhala ankhoswe pa ukwati wako. Amayi a kumpingo nawonso akhala akubwera awiriawiri, kukhala pamkeka nkhope zili zakugwa ngati pano pachitika zovuta. Onsewo ndawayankha chimodzimodzi: mwanayu sukulu ya za mahotela anamaliza, ntchito yamuitana, ndipo amene ndikumulola ndine amene ndinamubereka. Pa anthu onse akuyankhulawa palibe amene anapondapo mchenga wa chilumba chimenecho. Ine ndinaupondapo, ndinagonako, ndinalirako, ndinavinako. Ngati alipo woyenera kukuopseza ndi ine, ndipo sindikuopseza ayi. Ndingokuonetsa pamene ine ndinapunthwa kuti iwe ukapazindikire.

Unali wamng'ono, sungakumbukire bwino m'mene ndinachokera. Matipate anali atangoyamba, bambo ako atamwalira, ine ndikugulitsa nthochi ndi zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Masiku amenewo ndi pamene anayamba kuchuluka mathiraki aja ochokera ku Chipata, odzaza anyamata ndi atsikana achizungu otuwa ndi fumbi, aliyense ndi chikwama choposa thumba la feteleza. Tsiku lina thiraki ina inafera pompano pa Kamwendo, wophika wawo ali gone ndi malungo. Dalaivala wake, munthu wa ku Kenya wodziwako Chinyanja, anafunsa ngati panali mayi woti angawaphikire. Anzanga onse anayang'ana kumbali. Ine ndinadzuka. Ndinapha nkhuku, ndinaphika mpunga ndi nkhwani wotendera, ndipo anawo anadya mpaka kukombeza mapoto. Pochoka, dalaivala uja anandiuza kuti ndikonze pasipoti, akamadzadutsanso adzanditenga. Amalume ako anakana, ndipo mawu amene ananena tsiku limenelo ndi omwewa akunena lero. Koma agogo ako, mayi anga, anangoti: “Pita, mwanayu ndisunga ine.” Dalaivala uja atadutsanso, ndinayenda ndi thirakiyo mpaka ku Dar es Salaam, tinawoloka pa sitima ya pamadzi, ndipo kumpoto kwa chilumbacho mwini loji ina, amene ankasowa wophika, ananditenga. Ndi m'mene ndinakhalira kumeneko.

Kupusa kwanga koyamba kunali kuchita manyazi kufunsa. Ndinkaopa kuti anthu anditcha mbuli ya kumudzi. M'mawa wina ndinatenga zovala zanga kukachapa kunyanja monga timachitira kudambo. Sopo anakana kuchita thovu, ine n'kumaganiza kuti andigulitsa sopo wabodza. Madzi anali atathawira kutali kwambiri, choncho ndinasiya beseni pamchenga wouma n'kubwerera kukhitchini kukaika tiyi. Pobwera, pamene ndinasiya beseni panali mafunde ofika m'chiuno. Zitenje zanga ziwiri ndi diresi ya kutchalitchi zinapita. Panali mayi wina wa m'mudzimo, dzina lake Bi Zuhura, Msilamu, amene ankalima ndere za m'nyanja n'kumatibweretsera nsomba ndi kokonati kukhitchini. Anandipeza nditaima kukamwa kuli yasa. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anamasula nsalu imodzi mwa ziwiri zimene anavala n'kundifunditsa. Ndiye anandiphunzitsa, ndi manja komanso ndi Chiswahili chimene ndinkachitola pang'onopang'ono, kuti nyanja yamchere imachoka n'kubwerera tsiku lililonse, kuti madzi ochapira ali pachitsime, ndi kuti polowa m'mudzi ndizifunda mapewa ndi kumutu. Iwe Tiyamike, ndimakudziwa, unatengera ine: umafuna uzioneka wodziwa kale. Ukafunse. Chilumbacho chili ndi eni ake, ndipo eni akewo sakhala kugombe kumene kukulira nyimbo, amakhala kuseri kwa khitchini. Ukawapatse moni m'chiyankhulo chawo. Alendo akamayenda m'mudzi atavala tizovala tosambira, iwe usawatsanzire. Iwo akachoka mawa, iwe udzatsala ndi anthu amene anakuona.

Usakamvere zoti azungu a zikwamawo ndi ziwanda. Ambiri ndi ana ngati iwe, angomaliza sukulu, akufuna kuona dziko asanamangidwe ndi ntchito. Amagona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, amanenerera mtengo wa chinanazi kuposa amayi a pamsika pano, ndipo malungo akawagwira amalira kuitana amayi awo. Ndawapukutapo thukuta ambiri, ndawamwetsapo phala. Ena anali aulemu kuposa madikoni ena amene ndimawadziwa. Koma ukumbukire ichi tsiku ndi tsiku: iwo ali patchuthi, iwe uli pantchito. Adzakukumbatira, adzakutcha mchemwali wawo, adzalemba adiresi yako, ndipo panthawiyo amakhala akunena zoona. Kenaka amasenza chikwama n'kukakumbatira wina ku dziko lina. Sindinawade. Ndinangophunzira kusawapatsa mtima wanga wonse kuti apite nawo. Uwakonde monga timakondera mvula yodutsa.

Kachiwiri ndinapunthwa pa nkhani ya phwando. Kumeneko mwezi ukakhala wathunthu amachita phwando lalikulu pagombe. Alendo amachokera m'maloji onse, masipika amawamangirira kumitengo ya kokonati, nsomba amawotcha pamchenga, mowa amamwera m'tindowa. Pokonzekera phwando langa loyamba, bwana wa loji anandibweretsera kasiketi ka maudzu ndi mikanda, n'kunena kuti ndivale, ndisenze dengu la zipatso, ndiziyenda pakati pa alendo kuti aone Afirika weniweni. Ndinavala. Ndinali mlendo, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Anandijambula kumanja ndi kumanzere, wina akundiuza kuti nditembenuke, wina akuti ndigwedeze chiuno. Palibe amene anandimenya kapena kunditukwana, koma m'mawa mwake ndinalephera kumuyang'ana m'maso Bi Zuhura. Zithunzi zimenezo zili m'nyumba za anthu kwinakwake mpaka lero, ndipo mayi ali mmenemoyo si ine. Mwezi wotsatira bwana anabweranso ndi kasiketi kaja. Ndinapukuta m'manja n'kumuuza kuti kwathu ku Mchinji palibe mayi amavala maudzu, kuti ine ndinalembedwa ntchito yophika, ndipo ngati akufuna wovina alembe wovina. Anandikumbutsa kuti ofuna ntchito ndi ambiri. Ndinamuyankha kuti: “Ambiridi, bwana. Itanani mmodzi adzamalize nsomba zili pamotozi.” Anatenga kasiketi kake n'kutuluka, ndipo sanadzakatchulenso. Mwana wanga, iwe ukakhala pa tebulo lolandirira alendo, nkhope yako ndiyo yoyamba kuoneka. Adzakupempha zambiri ndi mawu okoma. Kumwetulira ndi ntchito yako, koma thupi lako silili pa mndandanda wa zakudya. Ukane koyambirira. Kukana kwachiwiri kumavuta kuposa koyamba.

Tsopano ndikuuze za Fanuwelo, chifukwa sindinakuuzepo. Anali Mmalawi mnzanga yekhayo pa lojipo, mnyamata wa ku Kasungu, wogulitsa mowa pa bala. Anali wanthabwala, wodziwa bwino Chingerezi, ndipo alendo onse ankamukonda. Akagula mowa ankagula uwiri, wina wa Fanuwelo. Akasuta chamba kuseri kwa mabwato ankamuitana. Iye ankadziona ngati mmodzi wa iwo. Chimene sankaona n'chakuti gulu lililonse limamwa mopenga kwa masiku ochepa n'kupita kwawo kukapuma, ndipo likangochoka kumafika lina, lamphamvu zatsopano, lofunanso Fanuwelo. Iwo ankachita phwando sabata imodzi, iye ankalichita chaka chonse. Ndinkamuona akuonda tsiku ndi tsiku. Ndinkamusungira msuzi wa nsomba m'mawa, koma pakamwa ndinatseka, poganiza kuti si mwana wanga, asanene kuti ndikumulowerera. M'mawa wina litatha phwando, madzi atachoka, Bi Zuhura ndi anzake anapita kukakolola ndere zawo. Ndiwo anamupeza atafa, atakodwa m'zingwe zimene amamangirirapo nderezo. Amene anali naye anati anapikisana kusambira kukafika pa bwato lina limene linali pakati pa madzi, onse ataledzera. Ena anafika, ena anabwerera panjira, ndipo aliyense ankaganiza kuti Fanuwelo ali ndi anzake. Alendowo analira zenizeni, sindingawanamizire. Koma anali ndi matikiti a sitima, ndipo anapita. Madzulo ake nyimbo zinalira monga mwa masiku onse, popeza kunali kutafika gulu latsopano losamudziwa. Tinamuika m'manda a Akhristu kutauni, anthu osakwana kudzaza minibasi, ndipo nyimbo ya Chichewa ndinaimba ndekha. Tiyamike, usapikisane ndi anthu amene ali patchuthi. Chakumwa chimene sunaone chikutsegulidwa usamwe. Munthu amene wamwa asalowe m'nyanja uli chiyang'anire, kaya ndi mlendo kaya ndi bwana. Ukaona mnzako wa pantchito akumira pamtunda ngati Fanuwelo, uyankhule, akudane ngati akufuna. Ndipo wina akadzakuuza iwe mawu otero, usadzamutukwane.

Amayi a kumpingo akanaona ndimeyi akanati ndiye bwanji ukumulola. Ayembekeze, sindinamalize. Ine kugombeko ndinavina. Nditakana kasiketi kaja, phwando lina nditamaliza kutsuka mapoto, ndinavula patapata n'kulowa m'bwalo ndi chitenje changa, mwa kufuna kwanga. Woika nyimbo anaika rumba ya ku Zaire, ndipo ndinawaonetsa anawo m'mene amavinira munthu amene anakulira pa chimtali. Mchenga unali wofunda kumapazi, mphepo ikununkha mchere. Chimwalirireni bambo ako ndinali ndisanasekepo kuchokera m'mimba, ndipo tsiku limenelo ndinaseka. Sindinachimwe, ndipo sindidzalapa chifukwa cha kuvina kumeneko ngakhale abusa atandiitanitsa. Iwenso ukavine. Ukasambe m'nyanja masana pamene pali anthu, ukadye chinyama chija cha miyendo yambiri chimene amachitcha pweza, ukakwere bwato la thanga. Sindinakulere kuti ukaone dziko pawindo. Ndikungoti uzivina nyimbo imene wasankha wekha, ndipo uzidziwa njira yobwerera kuchipinda chako.

Chimene chinandipweteka kuposa zonse ndi pasipoti. Nditangofika, bwana anati ndimupatse andisungire mu sefa, bokosi lachitsulo lokiya, kuopa akuba. Ndinamuthokoza. Ndinkaona ngati ndapeza bambo. Patapita nthawi, mphunzitsi wina wa kuno anaimba lamya kuchokera ku positi ofesi ya paboma kuti mayi anga agonekedwa m'chipatala ndipo akunditchula. Ndinathamangira kwa bwana. Anandiuza mokoma kuti loji yadzaza, phwando layandikira, ndidikire lidutse, ndipo anthu akumudzi amakonda kukuza matenda. Ndinadikira, Tiyamike. Ndinapitiriza kukazinga tchipisi mayi anga akundiitana. Litadutsa phwando anati kiyi wa sefa ali ndi mnzake amene wapita kutauni. Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. M'mawa mwake sindinakoleze moto. Ndinatenga mpando wa kukhitchini n'kukhala pakhomo pa ofesi yake, katundu wanga ali pamiyendo. Alendo anadzuka ndi matsire awo n'kupeza palibe tiyi, palibe mazira. Bwana anabwera akutukwana, ine ndinangoti: “Moto suyaka mpaka pasipoti yanga ikhale m'manja mwangamu.” Anati aitana apolisi. Ndinati awaitane, ndiwauze amene akusunga chiphaso cha boma la Malawi. Bi Zuhura atamva, anabwera ndi amayi anzake, anatula madengu a nsomba pansi n'kukhala pafupi nane. Alendo anayamba kufunsa chimene chachitika. Dzuwa lisanafike pamutu, kiyi amene anali kutauni uja anapezeka m'thumba la kabudula wa bwana. Ndinawoloka tsiku lomwelo. Koma ulendo wa kuchokera kumeneko ndi wautali, uwuona wekha. Nditatsika minibasi pano, ndinaona msasa wa pamaliro akuuphwasula. Amalume ako anandiyang'ana n'kunena kuti: “Wabwera kudzatani, mlongo? Taika kale.” Iwe unali utakhala pakhonde, tsitsi atakumeta, ndipo sunandizindikire.

Choncho pasipoti yako isachoke pathupi pako. Ndakusokera kathumba ka mkati mwa siketi. Bwana akaifuna, aione uli pomwepo, aijambule, akubwezere. Chibwenzi chikaifuna, chimenecho si chibwenzi. Munthu aliyense amene akufuna kukusungira njira yobwerera kwanu, ngakhale ayankhule mokoma bwanji, akukutsekera khola. Ndipo ukadzamva kuti ine ndadwala, usadzapemphe chilolezo. Udzangowadziwitsa kuti ukupita.

Ndakuuza zimenezi kuti amalume ako usawade. Mkwiyo wawo uli ndi muzu. Ndiwo anasenza mayi pa njinga kupita nawo kuchipatala, ndiwo anamva akunditchula. Akakuyang'ana iwe ukulongedza, akuona ine. Ndimawamvetsa, koma sindiwavomereza. Chimene chinandichedwetsa si nyanja, si nyimbo, si ana a zikwama aja. Ndi mantha anga, omwe anandipangitsa kupereka chiphaso changa kwa munthu n'kumuthokoza. Mankhwala a mantha amenewo si kukutsekera m'nyumba. Atsikana angati a m'mudzi muno, amene sanadutsepo Namitete, tawaika m'manda ali ang'onoang'ono chifukwa cha amuna a pakhomo pomwepa? Amenewo sanapite ku chilumba chilichonse. Ndipo kalesitilanti kathu aka, kamene kakuphunzitsa mpaka kumaliza, kamene amayi a kumpingo omwewo amadzamwako tiyi tsiku la msika, maphikidwe ake ndinawatenga kuti? Anditche dzina lililonse limene akufuna. Anayamba kale, ndipo ndikadali moyo.

Za amuna sindichulutsa, ndiwe wamkulu. Adzabwera a mitundu yonse: alendo olonjeza kukutengera ku Ulaya, anyamata a pagombe a mawu otsekemera, mwinanso wina wabwino ndithu. Sindikuuza mtundu woti ukonde. Ndikungoti amene akukufuna akufune masana, anzako akuona, ndipo akhale munthu amene ungathe kumukana osaopa. Mwamuna wa chikwama kumsana akalonjeza, umuuze abwere kaye ku Kamwendo adzandipatse moni. Amene ali woona adzakwera minibasi. Za ankhoswe usade nazo nkhawa. Tsiku limenelo likadzafika, amene adzaime adzapezeka, ndipo amalume akowo ndikuwadziwa ine kuyambira tili ana, sapirira kumva ng'oma ikulira iwo ali m'nyumba.

Zikakavuta, bwerera. Ichi ndikuchinena mwamphamvu, chifukwa ndinaona atsikana kumeneko akuvutika koma osabwerera kwawo, kuopa kusekedwa. Kaya ntchito yatha, kaya wadwala, kaya uli ndi pakati, kaya wangotopa, khomo lino ndi lako. Oseka adzayambe aseka ine. Foni uli nayo, zimene ine ndinalibe. Uzindiimbira ukasangalala, koma makamaka uzindiimbira pamene ukuchita manyazi kundiimbira.

Ndikumva belu la njinga, ndiye kuti wafika ndi ufa. Ndimalize.

Dzulo unandinong'oneza kuti mwina tinyamuke kusanache, tidutse njira ya kuseri kwa sukulu, anthu asatione. Ayi. Wakuba ndiye amachoka choncho. Mawa tidya kaye, dzuwa lituluke bwinobwino, anthu atsegule mashopu. Tidzera pakhomo pa amalume ako. Ukagwade, ukawatsanzike ndi ulemu wonse umene ndinakuphunzitsa. Akakuyankha, uthokoze. Akakhala chete, udikire pang'ono, kenaka udzuke, usase fumbi m'mawondo, tizipita. Tiyenda pakati pa msewu mpaka pa siteji, ndipo aliyense wofunsa ndimuuza ndekha kumene ukupita. Chikwama chakocho usalimbane nane. Mpaka pa minibasi ndichisenza ine, kumsana, zingwe zonse ziwiri.

Ndine mayi ako,
Nabanda